Mphwanga wasiya kumwa ma ARV atathamangitsidwa pakhomo, tithandizane nzeru

Chisomo, Blantyre:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masabata awiri tsopano. Ambiri mukundidziwa kuti ndimayenda ndi achinyamata amene ali pa ma ARV, makamaka anyamata ogonana ndi anyamata anzawo komanso anzathu ma trans (amene amadzimva kuti ndi akazi ngakhale anabadwa amuna, kapena amuna ngakhale anabadwa akazi). Dzina la mnyamatayu sinditchula, dera lakenso ayi, ndingomutcha mphwanga. Ali ndi zaka 19. Anayamba mankhwala chaka chatha ndipo ankamwa bwinobwino, moti viral load yake (kuchuluka kwa tizirombo m'magazi) ya pa miyezi 6 inatuluka yosangalatsa. Ankakhala kwa malume ake. Tsiku lina ali kubafa, msuweni wake anatenga foni n'kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp. Pofika madzulo zovala zake zinali panja m'jumbo. Botolo la mankhwala linatsala mkati mwa matiresi, pomwe anang'amba pang'ono n'kumabisapo, pamodzi ndi buku lake lakuchipatala. Kubwerera kukatenga sakanatha. Papita miyezi 4 asakumwa, akugona kwa uyu lero, kwa uyo mawa. Ndinamupeza Lachiwiri, lamba wabooleza mabowo ena awiri ndi msomali, ndipo akutsokomola. Ndamupempha kuti tipite kuchipatala koma wakana kwamtuwagalu. Akuti akakamufunsa chifukwa chomwe anasiyira, akayankha chiyani? Ndithandizeni, ndisamutaye mwanayu.

Sisita Nabanda, Lilongwe:
Pepa Chisomo mwanawanga. Choyamba muuze kuti buku lotayika si mlandu. Mbiri yake ili pa master card, khadi lomwe limasungidwa kuchipatala, komanso mu kompyuta kuchipatala komwe analembetsa, buku lina apatsidwa. Chachiwiri, sakuyenera kufotokoza moyo wake wonse kuti alandire mankhwala. Akangonena kuti anachoka pomwe amakhala ndipo mankhwala anatsala komweko, zakwana. Ndi zoonanso, sananame.

Bambo Gondwe, clinician, Mzuzu:
Ndiwonjezere pa zomwe anena a Sisita. Chifuwacho ndi kuondako zisadikire sabata ina. Munthu wobwerera atasiya miyezi ingapo, akudwala chonchi, timamuyeza CD4, yomwe imaonetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, tsiku lomwelo. Ikakhala pansi pa 200 timayeza mkodzo kufufuza TB ndiponso magazi kufufuza kachirombo koyambitsa matenda oumitsa khosi. Matenda awiriwa ndi amene akutilanda achinyamata obwerera mochedwa, pomwe onse ali ndi mankhwala ake. Mumufunse ngati mutu ukumupweteka masiku angapo motsatizana kapena ngati akutuluka thukuta usiku. Akavomera, mawa lomwe muyende.

Chisomo, Blantyre:
Zikomo a Sisita, zikomo a Gondwe. Thukuta la usiku lilipo, mutu ayi. Koma pali chinthu china chomwe sindinanene poyamba, ndipo ndi chimene chamuumitsa mtima. Atalephera kupita pa tsiku lake, achipatala anayang'ana fomu ija timalembapo komwe timakhala n'kutumiza munthu wolondola. Munthuyo anafika kwa malume aja, atavala yunifolomu, n'kufunsa mokweza pachipata kuti mnyamata wakuti ali kuti, sanabwere kudzatenga mankhwala ake. Banjalo linkadziwa chinsinsi chimodzi chokha, tsiku limenelo linadziwa chachiwiri. Azakhali ake anamutumizira uthenga woti wapeza chimene amafuna. Uthengawo anandionetsa, sanaufufute mpaka lero. Ndiye mukamati chipatala, iye akuona munthu uja ali pachipata.

Bambo Mwale, mlangizi wa zaumoyo, Dedza:
Nkhani yolondolayi yandikhudza chifukwa ntchito imeneyi ndimaigwira ineyo. Tinaphunzitsidwa kuti sutchula mankhwala kwa munthu amene si mwini wake, mnzathuyo analakwitsa kwambiri. Koma ndilankhule zakukhosi, mundikhululukire. Ine ndine mkulu wa mpingo. Khalidwe la mathanyulali sindigwirizana nalo, ndipo lamulo la dziko lino limaletsa. Kodi tikamawasamalira mwapadera chonchi sitikulimbikitsa zomwezo? Komanso ife ogwira ntchito m'boma sitingapezeke pa mlandu?

Thoko, Salima:
Bambo Mwale, mawu amene mwagwiritsa ntchitowo ndi omwe anandikuwiza nawo anyamata ena pa depoti tsiku lomwe anandithyola dzino. Chonde tipezereni mawu ena.

Mayi Chirwa, woyang'anira gulu:
Bambo Mwale, funso lanu ndi lololedwa ndipo liyankhidwa. Mawu ajawo ndiye tinagwirizana kalekale kuti pano sitiwagwiritsa ntchito. Tinene kuti amuna ogonana ndi amuna anzawo, akazi ogonana ndi akazi anzawo, kapena ma trans monga eni ake amadzitchulira.

Bambo Mwale, Dedza:
Ndamva. Pepani a Thoko, sindinadziwe kuti akupweteka motero. Funso langa lokha likadalipo.

Mphatso, wothandiza pa zamalamulo, Zomba:
Ndiyankhe mbali ya lamuloyo. Ndi zoona kuti Penal Code yathu, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, imaletsa. Gawo 153 chilango chake chimafika zaka 14, gawo 156 zaka 5, ndipo gawo 137A lomwe anawonjezera pambuyo pake limakhudza akazi, nalonso zaka 5. Pa 28 June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko ku Blantyre linagamula kuti magawo omwe anakawatsutsa akhalebe. Ambiri tikukumbukiranso za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anagamulidwa zaka 14 mu May 2010, kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira mwezi womwewo. Zonsezi achinyamatawa amazidziwa bwino, n'chifukwa chake amaopa kutsegula pakamwa m'chipinda cha dokotala.

Koma magawo amenewa amanena za mchitidwe wogonanawo. Palibe pomwe amaletsa kupereka chithandizo, palibenso pomwe amalamula nesi kapena mlangizi kukanena wodwala kupolisi. Lamulo lomwe limakukhudzani inuyo pantchito ndi la HIV ndi Edzi la 2018, lomwe limaletsa kusala munthu chifukwa cha HIV ndiponso kuulula za magazi ake iye asanalole. Ndondomeko ya dziko yolimbana ndi HIV ya 2020 mpaka 2025 inatchula poyera amuna ogonana ndi amuna anzawo ndi ma trans ngati magulu ofunika kuwafikira. Ndiye amene ali pafupi ndi mlandu ndi uja anakuwa pachipata, osati amene wapereka botolo.

Sisita Nabanda, Lilongwe:
Bambo Mwale, inenso ndine wa Mvano, Lachinayi lililonse ndimavala yunifolomu yoyera. Zaka zanga zoyamba ku ART, komwe timaperekera ma ARV, ndinali ndi maganizo ngati anuwa, ndipo ndikuuzeni chimene chinandisintha. Kunabwera mnyamata wina wa zaka 20 ali ndi njerewere kumbuyo, zoti anakhala nazo miyezi yambiri chifukwa cha manyazi. Mnzanga amene ankamuona anatuluka n'kutiitana tonse kuti bwerani mudzaone. Tinalowa anthu anayi, inenso momwemo. Mnyamatayo anali chigonere chafufumimba, nkhope atakwirira m'manja, phazi likunjenjemera. Palibe anamutukwana, tinangoyang'ana n'kutuluka. Sanabwerenso, ngakhale kudzatenga ma ARV ake. Patatha chaka ndinamva kwa mnzake kuti anamwalira kumudzi. Khadi lake ndinalichotsa ndekha mu kabati. Kuyambira pamenepo ndinadziuza kuti zoweruza ndasiyira Mwini wake, ine anandipatsa makiyi a kabati ya mankhwala basi. Sindinasiye chikhulupiriro changa ndipo sindikukupemphani kuti musiye chanu. Mlevi, wakuba, wamitala, onsewa timawapatsa ma ARV a 13A osawafunsa za kulapa.

Bambo Mwale, Dedza:
Mwandilasa mtima a Sisita. Sindiyankha msanga, ndikufuna ndiganize. Pitirizani kumuthandiza mwanayo.

Mayi a Tadala, Zomba:
Ine sindine wachipatala, ndine kholo chabe. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 22 ndipo ndi mmodzi wa ana amene mukuwakambawa. Tsiku lomwe anandiuza ndinalira mpaka maso kutupa, masabata awiri osamuyankhula, nsima ndikungomuikira patebulo. Za HIV ndinadziwa mochedwa, nditapeza mapiritsi m'sokosi ndikuchapa. Anali ataikamo thonje m'botolomo kuti asamalire akamayenda m'nyumba. Thonje limenelo linandiwawa kuposa zonse, kuti mwana amene ndinamubereka ndekha akuopa kuti ndingamve phokoso la mankhwala omupatsa moyo. Bambo ake sakudziwa mpaka pano, ndipo ine ndi mwanayo tinagwirizana kuti nthawi yake sinakwane. Botolo limakhala m'kabati mwanga, kuseri kwa zitenje. M'mawa uliwonse ndikamamupatsa tiyi ndimaika piritsi pa sosala, sitilankhulapo kanthu. Chisomo, funsa mphwakoyo ngati kulibe wachibale mmodzi yekha, kaya agogo, kaya mlongo wake, amene mtima wake ndi wofewa. Banja lonse silingabwerere tsiku limodzi, koma mmodzi amapezeka.

Chisomo, Blantyre:
Amayi, mawu anu ndamuwerengera. Wakhala chete kwa nthawi, kenako wati ali ndi mchemwali wake wamkulu amene anakwatiwa ku Chirimba, ndipo anamutumizirapo ndalama pa Airtel Money kawiri osanena kanthu. Sanaganizepo kuti ameneyo angakhale gadiyani.

Sisita Nabanda, Lilongwe:
Pamenepo pali poyambira. Koma amvetsenso kuti gadiyani sachita kukhala wachibale. Iweyo Chisomo ukhoza kulembedwa. Ndipo fomu yakomwe amakhala ija ailembenso mwatsopano. Anene momveka kuti kunyumba kwa malume kusapitenso munthu, alembetse nambala yako, ndipo asankhe mawu oti tizinena tikaimba. Kwathu kuno ena amati tizinena kuti ndife a kwa telala, suti yatha. Munthu ali ndi ufulu wokana kulondoledwa kunyumba, ambiri sauzidwa chabe.

Thoko, Salima:
Ndilankhuleko za ife ma trans chifukwa vuto lathu lili ndi mbali ina. Ine ndinasiyapo ma ARV miyezi 3 dala, osati moiwala. Mnzanga anandiuza kuti ma ARV amapha mphamvu ya mahomoni, ndipo ine ndinkamwa mapiritsi olera ogula pa famase kuti thupi lisinthe. Nditayeza ziwirizi ndinasankha mahomoni. Mungaone ngati uchitsiru, koma munthu ukadikira zaka zambiri kuti udzione pagalasi n'kudzizindikira, sufuna china chikulande. Kuchipatala sindikanafunsa, poti pa benchi amaitana dzina lachimuna la pa chitupa, ine n'kuimirira ndili m'diresi, benchi yonse kutembenuka. Ukalowa mkati mtima uli kale phaphapha, umangofuna botolo uzipita.

Bambo Gondwe, Mzuzu:
A Thoko mwachita bwino kuitulutsa nkhaniyi, ambiri amaibisa. Mnzanuyo sananame kotheratu, koma ananena za mankhwala akale. 5A uja tinkapereka kale anali ndi efavirenz, yemwe amatha kuchepetsa mahomoni ena m'thupi, komanso ankalotetsa maloto oipa ndi kuchititsa chizungulire. Kuyambira 2019 anthu ambiri tinawasamutsira ku 13A, yemwe muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Dolutegravir salimbana ndi mahomoni achikazi, mukhoza kumwa zonse ziwiri. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi mapiritsi olerawo. Homoni yomwe ili m'menemo imaonjezera chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha, makamaka munthu akamamwa awiri kapena atatu patsiku kuti zifulumire, ndiponso ngati amasuta fodya. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, kapena mpweya ukayamba kubanika mwadzidzidzi, thamangani kuchipatala ndipo mukanene zomwe mukumwa.

Poti ndayamba, ndinene zina zomwe achinyamata amasiyira mankhwala pa zifukwa zoti tikanazithetsa ndi chiganizo chimodzi. Mowa: ambiri Lachisanu ndi Loweruka samwa piritsi poganiza kuti likakumana ndi mowa liwapha. Ayi, imwani piritsi lanu ngakhale mukupita kokamwa. Vuto la mowa ndi loti umaiwalitsa, ndiye ndi bwino kumwa m'mawa. Kumwa m'mawa kumathandizanso amene dolutegravir amawasowetsa tulo. Njala: 13A amagwira ntchito ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Mukaiwala, imwani pomwe mwakumbukira, pokhapokha ngati nthawi ya piritsi lotsatira yayandikira, ndipo musamwe awiri nthawi imodzi. Mankhwala a chilungulira aja oyera ndi mapiritsi owonjezera magazi amamanga dolutegravir m'mimba, choncho imwani ARV maola 2 musanamwe amenewo kapena maola 6 mutamwa. Ndipo kwa amene ali ndi hepatitis B, kusiya tenofovir mwadzidzidzi kungadzutse matenda a chiwindi koopsa.

Thoko, Salima:
Zikanakhala kuti wina anandiuza zimenezi nthawi ija. Za dzina pa benchi zinatha nditapeza nesi mmodzi amene analemba ndi pensulo pamwamba pa khadi dzina lomwe ndimafuna kuitanidwa. Palibe ndalama inalowapo. Chaka chino ndi chachitatu ndisanaphonye tsiku.

Upile, Mangochi:
Atsikanafe timaiwalika pa nkhani ngati izi, anthu amaganiza kuti mkazi wokonda akazi anzake HIV ilibe naye ntchito. Mnzanga wapamtima anabadwa nako kachirombo, wakulira mu Teen Club, kalabu ya achinyamata amene ali pa ma ARV, Loweruka lililonse la kalabu sankajomba. Atafika zaka 18 akwawo anazindikira za iye n'kumukakamiza kukwatiwa ndi bambo wina kuti awongoke. Kubanjako mankhwala ankabisa m'thumba la ufa, mwamunayo atawapeza anawataya m'chimbudzi. Ena amagwiriridwa ndi anthu amene amati akuwachiritsa, ndipo kupolisi sapita poopa kuti nkhani iwatembenukira. Mukamakonza zothandiza musatisiye kunja.

Mphatso, Zomba:
A Upile, ukwati wokakamiza ndi woletsedwa ngakhale munthu atakwana zaka 18, ndipo kugwiririra ndi mlandu posatengera kuti wogwiriridwayo amakonda ndani. Wogwiriridwa amene alibe HIV afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge kachirombo. Ndilembereni kumbali za mnzanuyo ngati iye mwini walola.

Yamikani, Johannesburg:
Kuno ku Joni ndimakumana nawo ambiri othawa kwawo pa zifukwa zomwezi. Amakwera basi ndi botolo limodzi, opanda kalata ya transfa, akafika amaopa kupita ku kiliniki chifukwa cha mapepala. Botolo likatha basi. Amene mukudziwa kuti akunyamuka muuzeni apemphe kalata ya transfa ndi mankhwala a miyezi ingapo, ajambulenso tsamba la m'buku lomwe pali dzina la mankhwala ndi viral load yomaliza, alisunge pa imelo osati m'foni mokha. Mankhwala a kuno ndi omwewo, amangowatcha TLD.

Chisomo, Blantyre:
Aise Yamikani wanena zoona, mphwanga nayenso anayamba kukamba za Joni. Chomwe chikundipweteka n'choti zaka ziwiri zapitazo nkhani ngati iyi sikanafika apa. Tinali ndi malo athu aja a drop-in, komwe mnyamata amalowa, kumwa tiyi, kutenga mankhwala, kuyezetsa viral load, osayang'anidwa ndi aliyense. Mabungwe ngati CEDEP anagwira ntchito imeneyi zaka zambiri. Boma la America litaimitsa thandizo mu January 2025, malo ambiri oterewa anatsekedwa ndipo ife amene tinkalandira kangachepe koyendera tinauzidwa kuti tikhale kaye kunyumba. Mankhwala enieniwo m'zipatala za boma alipo, poti ambiri amagulidwa ndi ndalama za Global Fund. Chimene chinasowa ndi munthu woyenda naye mwanayo kuchoka pomwe wagona kukafika pa windo la famase. Ine ndikuyendabe ndi ndalama yanga ya minibasi chifukwa nanenso wina anandiyendera mu 2017 pomwe ndinali nditataya mtima.

Mayi Chirwa, woyang'anira gulu:
Apa mpomwe ndimafuna tifike. Dziko lathu lachita bwino pa HIV, zimenezo tisakane. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, mu 2016 tinayamba kupereka kwa aliyense wopezeka ndi kachirombo osadikira CD4, ndipo kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu amene ali pa mankhwala, pafupifupi 97 pa 100 alionse tizirombo tawo tinali titachepa. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti achinyamata ndi amene akutsalira. Ndiye taganizani wachinyamata amene alibe pogona, akubisa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ine ndimakana tikamalemba pa khadi kuti anaiwala. Mphwake wa Chisomoyu sanaiwale tsiku ndi limodzi lomwe. Ankadziwa bwino lomwe pomwe botolo lili, mkati mwa matiresi m'nyumba yomwe sangalowemo.

Bambo Gondwe, Mzuzu:
Ndi zoona mayi. Ndipo uphungu wathu uja wa viral load ikakwera kupitirira 1,000, nthawi zambiri timaupanga ngati kukalipira. Timawerenga mapiritsi otsala, kufunsa kuti bwanji simukumwa, kulemba, basi. Funso lomwe ndinaphunzira kufunsa ndi lakuti, botolo limagona kuti, ndipo ndani angalione? Yankho lake limakuuza zonse. Wina amati m'chikwama cha kusukulu ku hostel komwe anzake amapisamo. Wina amati kwa chibwenzi chomwe chimamusunga, ndipo akachiuza amuthamangitsa.

Pa nkhani ya chibwenziyo, uthenga wa T=T, Tizirombo Tochepa = Thanzi, ndi umene ndaona ukudzutsa anyamata ambiri kuposa kuwaopseza ndi imfa. Kafukufuku wa PARTNER2 yemwe anatuluka mu 2019 anatsatira amuna okhala ndi amuna anzawo ku Ulaya, mmodzi ali ndi HIV wina alibe. Anagonana popanda kondomu maulendo oposa 76,000, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anatenga kachirombo kwa mnzake amene viral load yake inali pansi pa 200. Mnyamata akamva kuti piritsi lake likuteteza munthu amene amamukonda, amaliona mwina. Makondomu ndi mafuta ake akufunikabe chifukwa cha chindoko, chinzonono ndi ena otero.

Upile, Mangochi:
Nanga jakisoni uja tikumva, sangathandize oterewa kuti asamasunge botolo?

Bambo Gondwe, Mzuzu:
Jakisoni amene anayamba kuperekedwa ku Blantyre ndi Lilongwe mu 2024, wa miyezi iwiri iliyonse, ndi wa PrEP, woteteza amene alibe HIV. Amene ali nako kale asabayitse ameneyo, payekha sakwanira ndipo angapangitse kachirombo kuyamba kupima mankhwala. Chomwe chilipo kwa mphwake wa Chisomo n'choti akakhazikika, viral load n'kutsika, akhoza kumalandira mankhwala a miyezi 6 nthawi imodzi, kuchipatala n'kumapita kawiri pachaka. Komanso akapezeka kutali mankhwala atamuthera, chipatala chilichonse cha ART chikhoza kumupatsa a mwezi umodzi apangozi.

Sisita Nabanda, Lilongwe:
Koma mabotolo a miyezi 6 kwa mwana wopanda pogona ndi katundu winanso, a Gondwe. Ndinaonapo wina atabedwa chikwama ndi mabotolo onse. Ine ndimakonda kuti mabotolo azikhala kwa munthu mmodzi wokhulupirika, mwanayo azitenga a sabata imodzi. Asamachotse onse m'botolo lake chifukwa kanthu kaja kali mkatimo kamayamwa chinyontho, mapiritsi akakhala nthawi yaitali m'pepala kapena m'thumba la thalauza amafewa. A masiku 7 m'kabotolo kouma kotseka bwino alibe vuto.

Ndipo Chisomo, usaiwale mutu wake. Mwana amene akusunga uthenga wa azakhali ake osaufufuta akuganiza kwambiri. Mufunse mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamutsegulira pakamwa. Ku Zimbabwe Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo njira yomweyo yayesedwa m'zipatala zina za ART kuno ku Lilongwe. Chachikulu pa njirayi n'kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Iwenso ukhoza kutero pa khonde.

Chisomo, Blantyre:
Ndamufunsa usiku wathawu monga mwanenera. Wavomera kuti mwezi watha anaganizapo, anafika pogula mankhwala a makoswe, koma mnzake amene amagona kwawo anawapeza n'kuwataya. Panopa akuti maganizowo achepa. Talira tonse awiri. Vuto lomwe wasankha kuyamba nalo si mankhwala, ndi pogona. Ndamuuza kuti chabwino, tiyambe ndi pogona, koma chifuwacho tikachionetse Lachinayi. Wavomera pokhapokha ngati sitipita kuchipatala chake chakale.

Sisita Nabanda, Lilongwe:
Zimenezo n'zotheka. Pitani ku china, akamuone ndi kumuyambitsanso, za transfa achipatala akalumikizana okha. Za maganizo odziphazo mukamuuzenso clinician, zisathere pa iwe wekha, ndipo masiku ano asamagone yekha. Ndili ndi mnzanga amene tinaphunzira limodzi, ali ku Blantyre konko ndipo ndimamukhulupirira. Ndikutumizira dzina lake kumbali, mukafike m'mawa anthu asanachuluke.

Bambo Mwale, Dedza:
Ndabweranso. Masiku awiriwa ndakhala ndikuganiza za fomu zomwe zili m'chikwama changa. Pali anyamata awiri amene ndawalondola kangapo osawapeza, ndipo sindinadzifunsepo chifukwa chomwe anachokera pakhomo. Pa za chikhulupiriro ndikadali pomwe ndinali, sindinama. Koma Lolemba pa msonkhano wathu wa alangizi ndikanena kuti tisamapite kolondola titavala yunifolomu, ndiponso tiziyamba taimba foni. A Chisomo, ndatumiza kangachepe ka minibasi ya Lachinayi kudzera kwa Mayi Chirwa.

Mayi a Tadala, Zomba:
Ngati mchemwali wakeyo angafune kulankhula ndi kholo lomwe linadutsamo, mupatseni nambala yanga. Sindikamuphunzitsa kanthu, ndikangomuuza mmene zinandikhalira ine.

Chisomo, Blantyre:
Tabwerako. Tinafika 6 koloko, mnzawo wa a Sisita anatilowetsa m'chipinda n'kutseka chitseko. Sanafunse chifukwa chomwe anasiyira, anangoti wachita bwino kubwera, wadya? CD4 yatuluka 170. Za khosi zija alibe, koma mkodzo waonetsa TB, ndiye wayamba mankhwala a TB lero lomwe. Ma ARV akuti ayambiranso pasanathe masabata awiri, ndipo adzamuwonjezera piritsi lina la dolutegravir madzulo chifukwa mankhwala a TB amachepetsa mphamvu yake. Bactrim wapatsidwanso. Pa fomu talemba nambala yanga, ndipo akaimba azinena kuti ndi a kwa telala. Mchemwali wake tinamuimbira tili pa siteji. Analira, kenako anati amuna ake sangalole kuti mphwanga agone m'nyumbamo, koma chakudya chamadzulo azikadya komweko ndipo mankhwala azisungira iyeyo. Amayi a Tadala, nambala yanu ndamupatsa, akuti akuimbirani Loweruka. Pogona pakadali povuta. Kwa ine akhoza kukhala mpaka kutha kwa mwezi, chipinda ndi chimodzi ndipo tikugona mawindo otsegula monga atiuzira. Amene ali ndi matiresi yakale kapena bulangete mbali ya Limbe kapena Ndirande andiuze, ndidzatenga ndekha Lamlungu masana.